Kuwedza tokha m'madzi osaya a nyanja yamchere ku Mozambique: choopa n'chiyani?

Wa ku Luchenza

Abale, ndithandizeni maganizo. Tili anthu atatu, tikufuna kutenga tchuthi cha sabata imodzi kunyanja yamchere ku Mozambique, kutulukira pa Muloza. Cholinga ndi kuwedza moyenda pansi m'madzi osaya aja amatsala nyanja ikaphwa, opanda boti komanso opanda wotiperekeza. Mbedza timaidziwa ya mu Ruo ndi Thuchila basi. Kunyumba akutiopseza za shaki. Kodi choopa chenicheni n'chiyani, ndipo tipite mbali iti, mwezi uti?

Mlonda wa Sapitwa

Achimwene, shaki muisiye kaye. Chimene chimavulaza anthu oyenda pansi ndi madzi enieniwo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchoka pophwa kufika podzaza pamatenga maola 6 ndi mphindi zochepa. Nthawiyo imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye ngati lero yaphweratu 9 koloko m'mawa, mawa ikhala cha m'ma 9:50. Musanatuluke pa Muloza koperani pa foni ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa ya doko limene muli nalo pafupi, muilembenso papepala, chifukwa netiweki kugombe siyodalirika.

Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Tiyerekeze kuti tsikulo akwera mamita 3.6. Ola loyamba akwera masentimita 30 okha, lachiwiri 60, lachitatu 90, lachinayi 90, kenaka 60 ndi 30. Theka la madzi onse limabwera m'maola awiri apakatiwo. Munthu amaona ola loyamba madzi akungonyambita akakolo, n'kumati nthawi ilipo. Ndiponso madziwo sabwera kutsogolo kwanu ngati khoma. Amayamba kudzaza timakwawa tili kumbuyo kwanu, pakati pa inu ndi gombe. Kakhwawa kamene munawoloka kakufika m'mawondo mukakapeza kali m'chifuwa, kakukoka ngati Ruo wa mu February, inu mutatsala pa kachilumba kamchenga kamene nakonso kakumira.

Chitani chonchi: lowani kutatsala maola awiri kuti iphweretu, muzitsatira madzi akamathawa. Kakhwawa kalikonse kamene mwawoloka zikanipo ndodo. Tcherani alamu pa ola limodzi chiyambireni kudzaza, ikalira mubwerere ngakhale nsomba zikudya, ndipo zidzakhala zikudyadi, poti nsomba zimalowa pamchenga ndi madzi obwerawo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, madzi amaphwa kutali kwambiri ndi kubwera mwaliwiro. Ku Beira masiku amenewo kusiyana kwake kumapitirira mamita 6. Kwa oyamba kumene, masiku a mwezi watheka ndiwo abwino.

Nasi wa pa Chitakale

Zamadzi zanenedwa bwino. Ine ndikambe za kumapazi, chifukwa zoluma zambiri zili pansi. Yoyamba ndi stingray, Apwitikizi amati raia, nsomba yaphwatalala ngati lichero imene imadzikwirira mumchenga. Siyithamangitsa munthu, koma mukaiponda imakwapula mchira, ndipo kumchirako kuli munga wamano ngati sowo, wa ululu. Ndiye musamanyamule mwendo ngati mukuyenda m'munda wa tiyi. Muzikhwekhwereza mapazi pamchenga, iyo ikamva imathawa yokha. Pamiyala pali stonefish, yooneka ngati mwala wandere, minga yake ili pamsana ndipo imaboola mapatapata mosavuta. Valani nsapato zotseka zokhuthala kunsi kwake, zofika m'kakolo, ndi sokosi kuti mchenga usakusupuleni.

Wina akabayidwa ndi ziwirizi, mutulutseni m'madzi, tsukani bala, letsani magazi pofinya ndi nsalu yoyera, kenaka viikani phazilo m'madzi otentha osapitirira madigiri 45 kwa mphindi 30 mpaka 90, mukuwonjezera ena akamazizira. Kutenthako kumachepetsa ululu. Madziwo ayese ndi dzanja munthu amene sanabayidwe, chifukwa wovulalayo samva bwino ndipo atha kupsa osadziwa. N'chifukwa chake fulasiki ya madzi otentha ndi kabeseni zisasowe pagombe. Osamanga mwendo ndi lamba, osatema mphini, osayamwa bala. Munga ukalowa kwambiri, makamaka pamimba kapena pachifuwa, osauzula, thamangani naye kuchipatala. Ngakhale ululu utatha apitebe, akaone ngati mwatsala zidutswa ndi kubayitsa katemera wa kafumbata.

Nkhono zokongola zosongoka ngati chitsononkho musatole, kaya kuika m'thumba. Zina mwa izo zimabaya ndi ululu wofooketsa thupi mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo pamenepo madzi otentha sathandiza, n'zachipatala msangamsanga. Palinso timatumba tabuluu toyandama, tokhala ndi ulusi wautali woyabwa ngati chitedze koma wowawa kuposa. Chotsani ulusiwo ndi kamtengo, tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo, osakhula ndi mchenga.

Kabala kalikonse, ngakhale kongokalika ndi chigoba, katsukeni ndi madzi abwino ndi sopo. Zoti madzi amchere amapoletsa bala n'zabodza m'nyanja yotentha ngati imeneyi, muli tizilombo. Bala likayamba kufiira mofalikira, kutupa, munthu n'kutentha thupi, musadikire kuti mukafike ku Thyolo.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Ndikusiyana nawo pang'ono a Mlonda. Nyama zikuluzikulu musazichotse m'mutu, zimatengera kumene mwapita. Njira yapafupi ndi Milange, Mocuba, Nicoadala mpaka Quelimane, ndipo gombe la Zalala lili makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzindawo. Koma gombe la Zambézia lili ndi mitsinje yambiri, matope ndi nkhalango za mitengo yomera m'madzi amchere. Madziwo ndi akuda, simuona nsomba, simuonanso chimene mukuponda. M'matsiriro a mitsinje mumakhala ng'ona, imene siyikana madzi osakanikira ndi mchere, komanso shaki imene kuno kummwera kwa Africa amaitcha Zambezi chifukwa imakwera m'mitsinje. Malo otere musalowemo ndi miyendo, makamaka m'bandakucha ndi madzulo. Matope akenso amagwira mpaka m'ntchafu, madzi akubwera.

Kuwedza koyenda pansi kumene mukunenaku kumakoma mukamaona nsomba ndi maso musanaponye, ndiye kumafuna mchenga woyera ndi madzi oyera. Zimenezo zili kummwera, ku Vilankulo ndi Inhassoro m'chigawo cha Inhambane, moyang'anana ndi zilumba za Bazaruto. Ndi kutali, muwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia n'kutsika ndi msewu wa N1, ikani masiku awiri kupita kokha. Zilumbazo ndi paki ya boma kuyambira 1971, muli akamba a m'nyanja ndi ma dugong (nyama zikuluzikulu zoyamwitsa zodya udzu wa pansi pa nyanja) otetezedwa, pali ndalama yolowera komanso malo oletsedwa kuwedza. Chiphaso chowedzera mosangalala chimafunika ku Mozambique, funsani pamalo amene mwagona akulozereni ofesi.

Pamchenga woyera shaki zimene mungaone nthawi zambiri ndi zing'onozing'ono, zamantha. Chimene chimazikoka ndi magazi ndi kuphiriphitha kwa nsomba. Musamangirire nsomba m'chiuno n'kumayenda nazo m'madzi, musatumbulire pamene mwaima. Shaki ikatsatira nsomba yanu ili pa mbedza, dulani chingwe.

Za mwezi, pitani pakati pa May ndi October. Kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya namondwe. Ku Mozambique, Freddy wa 2023 anayamba kugunda pafupi ndi Vilankulo mu February, n'kubwereranso kudzalowera cha ku Quelimane mu March asanatipeze kuno ku Mulanje ndi Thyolo. Neti ya udzudzu nyamulani, malungo kugombeko ndi ochuluka.

Wa ku Luchenza

Zikomo akuluakulu, zamveka. Nanga zida, ndodo ndi chingwe cha milamba ya mu Ruo zikwanira?

Mlonda wa Sapitwa

Ayi achimwene. Kingfish, imene kumeneko amati xaréu, ikagwira imathamanga ulendo umodzi, chingwe chopyapyala chimaduka pamfundo. Pezani ndodo ya mamita 2.1 mpaka 2.4, reel (chokulungira chingwe) yonyamula mamita osachepera 150 a chingwe cholukidwa cha braid chopirira kukoka kwa mapaundi 20 kapena 30, ndipo kumapeto lumikizani mita imodzi ya fluorocarbon (chingwe cholimba chosaoneka bwino m'madzi) ya mapaundi 40 kuti isadulidwe ndi miyala. Nyambo yachitsulo yonyezimira ya magalamu 20 mpaka 30 imaponyeka ngakhale kuli mphepo. Magalasi a polarized ndiwo amachotsa kunyezimira kwa madzi kuti muone nsomba ndi raia yemwe, dzuwa likhale kumsana kwanu. Mbedza chotsani ndi pulayala, osati zala, makamaka pa mlamba wa m'nyanja, umene minga yake ili ndi ululu. Nsomba yofufuma ngati mpira ikakodwa ibwezeni, ndi poizoni ngakhale mutaiphika. Munthu aliyense anyamule malita atatu a madzi akumwa, ndipo madzulo alionse tsukani reel, mbedza ndi pulayala ndi madzi abwino, apo ayi pofika tsiku lachitatu dzimbiri likhala litayamba kale.