Bwanji makompyuta akuchipatala ndi akumalo osamalira okalamba samauzana?

mdzukulu22:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Agogo anga amakhala kumalo osamalira okalamba, ali ndi shuga ndi BP. Mwezi watha anagonekedwa kuchipatala masiku 5, adokotala anawasiyitsa mankhwala ena nkuwalembera atsopano, koma atabwerera kuja anthu anapitiriza kuwamwetsa akale omwe aja masiku awiri athunthu ati kalata yotulukira inasowa, kaya inatsala mu ambulansi kaya. Chikundizunguza mutu nchoti konse kuwiri makompyuta alipo. Ndiye chimavuta nchani kungotumizirana fayilo ya munthu?

nesi_wausiku:
Pepani kwambiri, agogowo ali bwanji pano? Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Makompyuta alipodi koma sisitimu yathu inapangidwa ndi kampani ina, yakuchipatala ndi ina, sizimvana olo pang'ono. Wodwala amafika usiku ndi envelopu, ife nkumakopera pamanja mankhwala amodziamodzi, ukaimba foni kuwodi amene anamutulutsa uja waweruka kale. Ndipotu ine sindifuna fayilo yonse ayi. Andiuze mankhwala amene akumwa pano, amene asiyitsidwa, nthawi imene anamwa komaliza, ndi amene amamuwenga, basi. Nthawi yomalizayo anthu amaipeputsa koma tangoganizani insulin (jakisoni wa shuga) kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kumupatsa munthu kawiri chifukwa sunadziwe kuti walandira kale masana.

kape_wa_IT:
Njira yoti masisitimu azimvana ilipo kale, imatchedwa FHIR, anaikonza a bungwe la HL7. Nkhani ndi ndalama. Mwachitsanzo ku America mu 2009 boma linakhazikitsa lamulo la HITECH nkumapereka ndalama kwa zipatala ndi madokotala kuti asiye mapepala, koma malo osamalira okalamba sanawerengedwe nawo, ndiye anatsalira. China chimene chimatidwalitsa mutu ndi mayina, uku alemba dzina mwina uko mwina, tsiku lobadwa lasiyana, kompyuta nkumaona ngati ndi anthu awiri.

mayi_wa_atatu:
Koma ine ndili ndi mantha ena. Zikalumikizidwa chonchi si ndiye kuti aliyense wa pasiwedi aziona matenda a munthu? Nanga agogo amene mutu unayamba kuiwalaiwala, chilolezo amapereka ndani?

nesi_wausiku:
Mayi, funso la chilolezolo ndi lenileni, nthawi zambiri amasayina ndi wachibale amene ali ndi mphamvu mwalamulo yowaimira. Koma za chinsinsi ine ndimaopa pepala kuposa kompyuta. Fayilo yasiyidwa patebulo aliyense wodutsa atha kuisanthula osadziwika, pomwe sisitimu yabwino imalemba amene watsegula ndi nthawi yake, ndipo wophika saona zimene nesi amaona.

mdzukulu22:
Zikomo nonse, agogo ali bwinoko, shuga yatsika. Panopa ndajambula mndandanda wa mankhwala awo pafoni ndipo tsiku lotuluka kuchipatala ndizipita nawo ndekha. A nesi, kodi ndikapempha kuti andisindikizire kope langa la kalata ija angandikanize?