Kodi makaseti ndi ma CD enieni tingawapeze kuti mu Blantyre muno?

Akuluakulu, abale ndi alongo, ndikupempha thandizo kwa inu amene mumaudziwa bwino mzinda uno. Kodi ilipobe sitolo, kaya ku Limbe, mumsika wa Blantyre kapena ku Ndirande, imene imagulitsa makaseti ndi ma CD enieni a oimba a m'dziko muno, makamaka nyimbo za ku Balaka za m'zaka za m'ma 1990?

Ambiri mukukumbukira mmene anthu ankadzazira kwa O.G. Issa ku Limbe chimbale chatsopano chikatuluka. Munthu unkayang'anitsitsa chikuto, kuwerenga mayina a amene anaimba zida, ndi kutsimikiza kuti kachidindo ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kalipo usanatulutse ndalama. Ukafika kunyumba unkabweza tepi ndi cholembera pofuna kusunga mabatire a wailesi. Masiku ano anyamata a m'tizigoli amangokuthirani nyimbo mazanamazana mu memory card, koma kunena zoona sindikhutira nazo, chifukwa zimabwera zopanda chikuto, mayina ali osokonekera, ndipo woimbayo sapezapo kanthu.

Ndilinso ndi makaseti ochepa amene malemu bambo anga anasiya, koma wailesi yake inaduka lamba ndipo imatafuna tepi. Ngati mukudziwa mmisiri wodalirika wokonza mawailesi oterewa, kapena munthu wachikulire amene anasunga zimbale zake ndipo angalole kugulitsako, chonde ndiuzeni dera limene ndingawapeze komanso mtengo umene ndiyenera kukonzekera.