Gemu yathu anthu akuidawuniloda koma sakubwerera: tiwonjezere kukongola?

Wamagemu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Timu yathu inatulutsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yooneka ngati zenizeni, dzuwa kuwala pa boneti, matope kumata matayala. Anthu akuidawuniloda ndithu, koma ambiri akusewera tsiku loyamba lokha, mawa lake zii. Abwana akuti tiwonjezere kukongola, ati PUBG Mobile ndi Call of Duty: Mobile zinalanda msika chifukwa cha zithunzi. Ine mtima ukukana, koma Lachisanu akufuna ripoti.

Mkonzi3D: Achimwene, abwana anuwo akuwerenga okhawo amene anapambana. Zoona, Call of Duty: Mobile inafika madawunilodi 100 miliyoni m'sabata yake yoyamba mu 2019, ndipo PUBG Mobile inadutsa 1 biliyoni kunja kwa China mu 2021. Nanga Apex Legends Mobile? Inatuluka mu 2022, Apple ndi Google onse anaisankha kukhala gemu yapamwamba ya chakacho, koma EA, kampani yake, inaitseka mu May 2023. Warzone Mobile nayo inabwera mu March 2024 ndi mapu okongola a Verdansk, osewera n'kumadandaula kuti mafoni akutentha ndi kudodoma. Pofika May 2025 Activision, kampani yake, inaichotsa m'masitolo a mapulogalamu a pafoni. Zithunzi zinalipo, ndalama za kampani zinalipo.

MayiWaData: Musanatsutsane ndi abwana, pezani umboni. Retention yanu, kutanthauza kuchuluka kwa osewera amene akubwerera, musaione yonse pamodzi. Igaweni potengera RAM (memory yogwirira ntchito) ya foni: 3GB, 4GB, 6GB kupita m'mwamba. Kenako tsegulani Android vitals, malipoti a momwe gemu ikuyendera m'mafoni, mu Play Console, tsamba la Google la opanga mapulogalamu. Gemu ikamazima yokha kwa osewera opitirira 1.09%, kapena kuuma (ANR) kwa opitirira 0.47%, Google ikhoza kuchepetsa kuonekera kwake m'sitolo. Onaninso angati akuthawa pa dawunilodi yachiwiri imene imachitika mkati mwa gemu ikatsegulidwa koyamba, asanagwire n'chiwongolero chomwe.

Kalulu_Android: Amayi anena zoona. Taonani Free Fire ya Garena. Zithunzi zake n'zosalira zambiri, osewera 50, mpikisano wa mphindi 10, imayenda ngakhale pa foni yofooka, ndipo mu 2019 ndiyo inadawunilodedwa kwambiri padziko lonse. Free Fire MAX yokongolayo inabwera pambuyo, mu 2021, anthu atazolowera kale.

Mkonzi3D: Komatu tisafike potaya kukongola konse. Amene amagula ma skin (maonekedwe apadera a zinthu za m'gemu) ndi battle pass (tikiti yolandirira mphoto posewera) nthawi zambiri ndi a mafoni amphamvu, ndipo munthu sangalipire utoto wa galimoto umene sukuoneka bwino. PUBG Mobile imapatsa wosewera mwayi wosankha kukongola kwa zithunzi, monga Smooth yosalira zambiri kapena zina zapamwamba. Chodabwitsa, akatswiri ambiri amasankha Smooth yomweyo kuti ma frame (zithunzi zooneka pa sekondi) achuluke.

Wamagemu: Ndagawa monga munanenera, amayi. Pa mafoni a 6GB kupita m'mwamba anthu akubwerera bwinobwino. Pa 3GB ndi 4GB ndiye pali maliro: gemu ikuzima mpikisano ukangoyamba, magalimoto onse akamalowa pa sikirini nthawi imodzi. Ndipo otidawuniloda ambiri ali komweko.

MayiWaData: Ripoti lanu ndi limenelo. Yambani mwaimitsa zotsatsa ku mafoni amenewo, chifukwa panopa mukulipira kuti anthu abwere kudzakupatsani nyenyezi imodzi yokha m'ndemanga za m'sitolo.

Kalulu_Android: Ma texture (zithunzi zokutira zinthu za m'gemu) muwapanikize ndi njira ya ASTC kuti achepe, magalimoto akutali akhale ndi LOD yotsika (tsatanetsatane wochepa), mithunzi ndi ma reflection zizizima zokha pa foni yofooka. Ikani 30 fps (ma frame 30 pa sekondi) yokhazikika, iposa 60 yodumphadumpha. Misewu ina isabwere ndi gemu, muziitumiza ndi Play Asset Delivery, njira ya Google yotumizira zigawo za gemu, munthu akaifuna.

Wamagemu: Zikomo nonse. Nanga kuzindikira mphamvu ya foni, tidalire RAM yokha?

Mkonzi3D: Ayi achimwene, onjezani GPU, chip yoyendetsa zithunzi. Pali mafoni a RAM yambiri koma chip yofooka, amenewo adzakupusitsani. Yesani mpikisano woyamba mwakachetechete, ma frame akatsika gemu idzitsitse yokha, wosewera asachite kufunafuna m'ma settings.