Ser ndi estar zandiimitsa mutu, thandizeni

wa_ku_Zomba:
Anzanga odziwa Chisipanishi ndithandizeni chonde. Ndikumaphunzira pa foni madzulo ndikaweruka, cholinga ndidzalembe mayeso a DELE A1, a satifiketi ya Chisipanishi ya gawo loyamba, koma pa ser ndi estar pokha, aneni awiri omwe onse amatanthauza kukhala, ndakanirira. Ndinamva kuti ser ndi ya zinthu zokhalitsa, estar ya zakanthawi, nanga bwanji womwalira amati está muerto pomwe imfa si yakanthawi, komanso soy estudiante chonsecho sukulu imatha?

mphunzitsi_wopuma:
Lamulo la zokhalitsalo lisiyeni kaye achimwene, ndi lomwe likukusokonezani. Ife kusiyana kumeneku tili nako kale pakamwa. Timati ndine mphunzitsi, uyu ndi mchemwali wanga, koma ndili ku Lilongwe, ndili bwino, palibe anganene kuti ndine ku Lilongwe. Ndiye pamene pakubwera ndi kapena ndine ikani ser: soy profesor, es mi hermana. Pamene pakubwera ndili, ali, tili ikani estar: estoy en Lilongwe, estoy bien. Ngakhale estoy comiendo ndi ndili kudya weniweni mmene amayankhulira agogo kumudzi. Za womwalirazo, estar imanena mmene chinthu chilili pambuyo poti china chake chachitika, munthuyo anali moyo kenako wamwalira, chimodzimodzi chitseko chikatsekedwa, la puerta está cerrada.

mayi_awiri_Madrid:
Aphunzitsi anena zoona koma Chichewa chikuthandizani mpaka penapake basi. Ife timati nthawi ili bwanji, iwo nthawi ndi ser, son las tres, hoy es lunes. Malo ochitikira mwambo nawonso ndi ser, la boda es en la iglesia, pomwe tchalitchicho mukamanena pamene chili mumati la iglesia está en la plaza, apa ndi pofunika kusamala pa mayeso. China chofunika kwambiri, mawu ena amasinthiratu tanthauzo. Es listo ndi wochenjera, está listo wakonzeka. Es aburrido ndi munthu wotopetsa, está aburrido waboweka. Mukadya kwa eni ake muziti está muy rico, amasangalala kwambiri, koma es rico mukunena kuti munthuyo ndi wolemera.

mnyamata_wa_Tete:
Kuno Chipwitikizi chilinso ndi ser ndi estar ndiye amene anaphunzira sukulu ku Mozambique savutika kwenikweni, sou ndi estou basi. Chosiyana nchakuti pofunsa malo a nyumba ife timakonda onde fica o banco, Chisipanishi chimafuna dónde está el banco, Madrid está en España ngakhale mzinda susuntha.

wa_ku_Zomba:
Zikomo nonse, zayamba kumveka. Nanga odwala ndinene bwanji, es enfermo kapena está enfermo?

mayi_awiri_Madrid:
Está enfermo achimwene, akudwala panopa. Mukamafunsa moni muzitinso cómo está, chifukwa cómo es ndiye mukufunsa maonekedwe ndi khalidwe lake.