Maulendo adzaza holide yonse, ana akalowa bwanji m'kalasi?

Mayi wa atatu:

Moni nonse. Ndikufuna maganizo a makolo anzanga.

Holide ino sitinakhale pansi. Sukulu zitangotsekera tinapita kwa makolo anga, chifukwa bambo sakupeza bwino ndipo ankafunitsitsa kuona zidzukulu. Titangobwerako kunali ukwati wa mng'ono wanga, ndipo mukudziwa kuti ukwati wa pachibale supita tsiku lomwelo ngati mlendo. Patsala ulendo wa kwa apongozi, amene akhala akutidikira kuyambira chaka chatha, ndi wa kunyanja umene bambo a ana analonjeza kalekale. Mmene akonzera iwowo, tidzafika kunyumba Lamlungu usiku, Lolemba m'mawa ana kusukulu.

Nkhawa yanga ili pa ana. Wachisamba, wa zaka 14, masiku ano amagona pakati pa usiku foni ili m'manja, kudzuka dzuwa lili pamutu. Wachiwiri, wa zaka 9, sanatsegulepo buku chitsekereni. Mzime wa zaka 5 akukayamba kumene sukulu, ndipo msewu ukangoyamba kukhotakhota amasanza mpaka kufooka. Bambo awo amayendetsa okha, ndipo amakonda kunyamuka usiku, ati msewu umakhala wopanda magalimoto ambiri.

Sindikufuna kulanda ana chisangalalo chawo, apongozi anganso ndimawakonda. Koma mtima wanga ukundiuza kuti ulendo umodzi uchoke. Mukanakhala inu mukanatani?

Mphunzitsi wa pulayimale:

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Sabata yoyamba ya teremu ife timawadziwa ana amene afika dzulo lake: mutu pa desiki nthawi yopuma isanakwane, ena kulira popanda chowaputa. Makolo amathamangira yunifolomu ndi makope, koma chimene mwana amasowa kwambiri sabata imeneyo ndi tulo.

Madokotala a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo wa zaka 3 mpaka 5 maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana. Vuto nlakuti thupi silisintha nthawi yogona tsiku limodzi. Mukamuuza wachisambayo Lamlungu kuti agone 9 koloko, adzangoyang'ana kudenga mpaka nthawi imene anazolowera. Musamuyese waulesi: mwana akamatha msinkhu, thupi limayamba kumva tulo mochedwa kusiyana ndi kale. Foni imangowonjezera pamenepo.

Njira yake ndi pang'onopang'ono. Tsiku lililonse azigona ndi kudzuka mphindi 15 kapena 20 mofulumirirako kusiyana ndi dzulo lake. Ngati wataya maola awiri, ndiye kuti pakufunika pafupifupi sabata yathunthu. Yambirani pa kudzuka, osati pa kugona, chifukwa kudzutsa mwana mungathe koma kumugoneka mokakamiza simungathe. Akadzuka atuluke panja, kuwala kwa m'mawa ndiko kumakonza nthawi ya thupi. Foni izigona kuchipinda kwanu. Zonsezi sizingatheke muli pamsewu kapena m'nyumba ya eni, mmene ana agona mothithikana ndi asuweni awo kumacheza mpaka usiku.

Wa zaka 9 asakudetseni nkhawa kwambiri. Azikuwerengerani mokweza mphindi 20 patsiku, buku lililonse limene amalikonda, ngakhale kwa agogo komweko.

Dalaivala wa maulendo aatali:

Ine ndiyankhula kwa bambowo, mwina muwaonetsa. Achimwene, msewu wa usiku umaoneka wabwino, koma cha m'ma 2 mpaka 4 koloko m'bandakucha ndi pamene thupi limafuna tulo kwambiri, ngakhale mutamwa khofi. Ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati munthu amene wamwa mowa mpaka kufika 0.05 peresenti m'magazi. Mukadzuka 6 m'mawa n'kugwira ntchito tsiku lonse, pofika 11 usiku mwafika pamenepo. Kuwodzera kwa masekondi atatu pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto yayenda mamita oposa 80 yopanda woiwongolera, ana anu ali kumbuyo.

Gonani mokwanira, munyamuke kutacha. Pakatha maola awiri alionse imani, mutsike, muwongole miyendo. Mpweya wa m'matayala muziyeza asanatenthe, osaiwala la sipeya. Aliyense amange lamba, wamng'onoyo akhale pampando wa ana, osati pamiyendo pa mayi ake. Ndipo mukaima, musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale pang'ono, mkati mumatentha msanga kwambiri.

Agogo a asanu:

Mwana wanga, chotsani wa kunyanja, osati wa kwa apongozi. Nyanja idzakhalapo holide ikubwerayo. Ife okalamba timawerenga miyezi kudikira ana amenewa, ndipo mukasintha tsopano mayiwo adzaganiza kuti kwanu munapita koma kwawo mwakupeputsa. Pitani msanga, mukhale masiku ochepa, muwauze chifukwa chake mosabisa. Adzamvetsa, iwonso analerapo ana a sukulu.

Namwino:

Za mzimeyo. Kusanza m'galimoto kumabwera chifukwa khutu la mkati likumva kuti thupi likuyenda, pamene maso akuona zinthu zili chiimire m'galimotomo. Kumavuta kwambiri ana a zaka 2 mpaka 12, ambiri akamakula kumachepa. Akhale poti azitha kuona kutsogolo patali, asagwire foni kapena buku, zenera litseguke pang'ono, ndipo asanyamuke ndi njala kapena atakhuta kwambiri. Mankhwala alipo, koma funsani kuchipatala kaye chifukwa ena sayenera ana aang'ono. Tengani mapaketi a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, chifukwa madzi akumwa osatetezeka amatha kutsegula ana m'mimba.

Chinanso: ngati kumene mukupitako kuli malungo, nyamulani neti yanu. Zizindikiro zimayamba pakatha masiku 10 mpaka 15 udzudzu utaluma, ndiye kuti mwana angadwale sukulu zitatsegulira kale, inu ulendo mutauiwala. Thupi likatentha mukayezetse tsiku lomwelo, ndipo muwauze kumene munapita.

Mayi wa atatu:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ana awerenga yankho la adalaivala kawiri, ndipo avomera kuti tinyamuke kutacha. Kwa apongozi tipita sabata ino, sabata yomaliza tikhala pakhomo. Za kunyanja tawauza ana kuti zidikire holide ikubwerayi. Awiriwo amvetsa, wa zaka 9 wakwiya ndipo sakundiyankhula, koma ndikambirana naye madzulo ano.

Aphunzitsi, funso linanso: mzimeyu amagonabe masana. Ndiyambe kumuletsa panopa, kapena ndimusiye asiye yekha akayamba sukulu?