Manja akuchita dzanzi pa njinga ya mpikisano, ndipo sindidya za nyama: vuto lili pati?

Wangoyamba_Kupalasa:
Moni nonse. Ndangoyamba kupalasa njinga ya road, makilomita 40 mpaka 60 Loweruka lililonse. Pakatha ola limodzi, kachala kakang'ono ndi koyandikana nako kumachita dzanzi. Sindidya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka. Ndimalemera makilo 70. Kodi ndi chakudya chikuperewera kapena ndi njingayo? Komanso ndidzinyamula chiyani panjira?

Makanika_wa_Magiya:
Achimwene, zala ziwiri mwatchulazo zikuloza mtsempha wa ulnar, womwe umadutsa m'mphepete mwa chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono. Ukapanikizika pa handulo nthawi yaitali, dzanzi limabwera. Chikanakhala chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, tikananena mtsempha wa median, womwe umafinyika mukapinda dzanja kwambiri.

Musanagule magolovesi, yang'anani chishalo. Ikani levulo ya amisiri omanga pamwamba pake. Ngati mphuno yake yaweramira pansi, thupi limatsetserekera kutsogolo ndipo manja ndiwo amasenza katundu yense. Masulani ndi Allen key, chikhale chowongoka. Yesaninso izi pamalo athyathyathya: mukupalasa, masulani manja pang'ono pa handulo. Mukamva ngati mugwera kutsogolo, kulemera kwachuluka m'manja. Nthawi zambiri stem, kachitsulo kolumikiza handulo ku njinga, imakhala yatalika. Ya 110 mm isinthidwe ndi ya 90 mm, kapena kwezani handulo poika ma spacer (timphete tokwezera) pansi pa stem.

Zigongono zikhale zopindika pang'ono, osati zowuma ngati mitengo. Sinthani pogwira mphindi 10 zilizonse: pamwamba, pa mabuleki, kenako m'munsi. Matayala nawonso ambiri amawapopa ngati mwala. Pa makilo 70 ndi tayala la 28 mm, mpweya wa 70 mpaka 75 psi (muyeso wa mpweya pa pampu) wakwana. M'misewu ya zigamba kugwedezeka konse kumathera m'zikhatho.

Mayi_Chiponde:
Zachishalozo n'zoona, koma osanyozera vitamini B12. Sipezeka mokwanira m'zomera, ngakhale mudye bonongwe ndi chisoso mpaka kukhuta. Ikasowa nthawi yaitali imawononga mitsempha, ndipo dzanzi lake limasiyana: limagwira manja onse awiri ndi mapazi, ndipo silichoka mukatsika pa njinga. Imwani mapiritsi, ma microgram 10 tsiku lililonse kapena 2000 kamodzi pa sabata. Dzanzi likamakhala masiku, kapena mukamalephera kumanga mabatani a malaya, pitani kuchipatala akayeze magazi.

Za mapuloteni: gramu 1.2 mpaka 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lanu, kwa inu ndi magalamu 85 mpaka 110 patsiku. Soya pieces zouma magalamu 100 zili ndi pafupifupi 50, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, mtedza magalamu 100 pafupifupi 25. Nandolo ndi khobwe zithandize. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba thupi limamutenga movutikira, choncho idyerani limodzi ndi matimati, lalanje kapena madzi a malambe, ndipo tiyi mumwe patatha ola, osati pomwepo.

Wokwera_Zomba:
Panjira musaganize za mapuloteni, m'pofunika shuga. Ulendo wosafika ola ndi theka, madzi okha akwana. Ukapitirira, idyani magalamu 30 mpaka 60 a ma carbohydrate (zakudya zopatsa mphamvu) pa ola. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25. Mbatata yophika yowaza mchere imalowa bwino m'thumba la jezi, buledi wa jamu chimodzimodzi. Yambani kudya mphindi 45 zikakwana, osadikira njala, chifukwa ikafika miyendo yatha kale.

Madzi ndi 500 mpaka 750 ml pa ola, kukatentha ngati mu Okutobala onjezani kamchere kotsina ndi zala m'botolo. Nyemba zambiri usiku woti mawa mukupalasa, ayi, mimba idzakusowetsani mtendere pa chitunda. M'mawa phala la mgaiwa la chiponde, maola awiri musananyamuke.