"Ukachenjera manja udya naye": kuchenjera kwake nkuti?

Mayi wa ku Manchester:
Abale anga, ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 amuuza kusukulu kuti abweretse mwambi wa kwawo kwa makolo ake, aumasulire m'Chingerezi. Ine ndinangomupatsa uja tinakula nawo tonse: "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Chigawo choyamba sichinavute. Pamene mutu unaima ndi pa "ukachenjera manja". Mwanayo anayamba kundiwerengera mawu: clever, smart, wise, cunning, crafty, shrewd, careful. Akuti, "Amayi, lenileni ndi liti?" Ndinati clever, iye n'kuseka, akuti kuno mphunzitsi akakunena kuti ukudzichititsa clever ndiye kuti wakudzudzula. Zaka zonsezi ndakhala ndikuunena mwambiwu, koma dzulo ndi pamene ndazindikira kuti sindinadzifunsepo kuti manja amachenjera bwanji. Akuluakulu muli muno, tanthauzo lake n'chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mayi, funso lanu ndi labwino, ndipo mwanayo musamuderere. Mmene ndinkaphunzitsira ine, kuchenjera manja ndi kufulumira kupereka. Taonani mmene manja amayendera m'chilankhulo chathu. Wopatsa timati ndi wowolowa manja. Womana timati ndi wouma manja. Waulesi amakhala manja lende. Choncho wochenjera manja ndi amene dzanja lake siligona, akaona mwana wa mnzake ali ndi njala kapena wasowa kope, satenga nthawi. Mwanayo akadzakula n'kupeza bwino, sadzamuiwala. Mwambi womwe umayenda nawo limodzi ndi uja woti kupatsa n'kuika. Muuzeni mwanayo alembe za kupatsa, asavutike ndi mawu a nzeru aja.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, pepani ndilowererepo. Kuno munthu akanenedwa kuti "uja ndi wochenjera", timagwira matumba. Wochenjera ndi uja wakugulitsa foni yakufa pa depoti, tambwali, kathyali. Ukalira umati "wandichenjerera". Ndiye ine ndikamva ukachenjera manja ndimaona munthu amene akusamala mwana wa eni ali ndi cholinga, diso lili pa mawa. Si ndiye ukamberembere umenewo?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mwana wanga, suli kutali kwenikweni. Makolo sankabisa kuti kuthandiza kuli ndi malipiro ake. Mwambiwu sukunena kuti samala mwana wa mnzako chifukwa kumwamba udzalandira korona, ukuti udya naye. Ndi nkhani ya nsima. Koma tambwali amadya yekha, pamene apa akuti "naye". Kamawu kakang'onoko ndi kamene kasiyanitsa.

Mkulu wa mpingo, Mchinji:
Ndiwonjezerepo za m'Baibulo, poti ambirife mawu amenewa tinawamva kwambiri kumeneko. Pa Genesis 3:1 njoka ija inanyenga Hava imatchedwa yochenjera kuposa zamoyo zonse za m'thengo. Pa Mateyu 10:16 Yesu akuuza ophunzira ake kuti akhale ochenjera monga njoka. Pa Mateyu 25, anamwali asanu amene anatenga mafuta a nyali zawo ndi ochenjera, anzawo aja ndi opusa. Liwu ndi limodzi lomwelo, koma poyamba paja ndi chinyengo, pachiwiri ndi kukhala tcheru, pachitatu ndi kuona patali. Palibe Mkhristu amene amasokonezeka. Ine ndikuona kuti kuchenjera kwa mu mwambi wanuwo ndi kwa anamwali aja, kokonzekeratu zinthu zisanafike.

Wophunzira zilankhulo, Zomba:
Amayi, vuto limene mwakumana nalo si la Chichewa chokha, Chingerezicho nachonso mawu ake akhala akusamuka malo. Cunning kalekale linali liwu laulemu, lochokera ku tsinde la kudziwa ndi kutha chinthu, ndipo mmisiri waluso ankamutchula choncho. Lero latsala la nkhandwe. Crafty nalo linachokera ku craft, luso la manja, kenako n'kugwera kwa akathyali. Smart ndiye linayambira kutali zedi: tanthauzo lake loyamba linali ululu wobaya, monga mmene bala limachitira ukathirapo mchere, ndipo ndi pachibale ndi liwu la Chijeremani lakuti Schmerz, kutanthauza ululu. Kuchoka pa kubaya linafika pa kuthwa, kuchoka pa kuthwa n'kufika pa nzeru. Ku America limanena wanzeru, ku Britain kumene muliko limanenanso wovala bwino, n'chifukwa chake kuno kwathu tikati "lero muli smart" tikutanthauza kuti mwatchena, sitikunena za mayeso ayi. Masiku ano ngakhale foni akuti ndi smart.

Koma chimene chandisangalatsa ndi clever yemwe mwana wanu anamuseka uja. Ofufuza chiyambi cha mawu amati poyamba liwuli linkanena za munthu wa manja achangu, wodziwa kugwira kapena kutsomphola chinthu msanga. Za ubongozi zinabwera pambuyo. Ndiye kuti inu amayi, mosadziwa, munasankha liwu limene linayambira m'manja momwemo. Kungoti Angerezi a lero anaiwala.

Mmene ndikuonera ine, iwo anagawa chinthu chimodzi m'mawu ambiri, lililonse ndi fungo lake, labwino kapena loipa. Ife tinasunga tsinde limodzi n'kumalipinda: chenjera, chenjeza, chenjezo, chenjerera, chenjeretsa. Pa geti alemba kuti chenjerani ndi agalu. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, ndipo ana amamukonda ngakhale amanamiza njovu. Chimene chimatiuza ngati ndi chiyamiko kapena chitonzo ndi nkhope ya wolankhulayo ndi mawu oyandikana nawo.

Bambo wa ku Harare:
Kuno kwa anzathu Achishona liwuli liliponso. Chenjera ndi kusamala, ndipo uchenjeri ndi nzeru zenizeni, zimene ife timangoti nzeru. Nditangofika ndinkadabwa kumva m'tchalitchi akupempherera atsogoleri kuti apatsidwe uchenjeri. Mumtima ndinkati, amenewa akuchepa nawo kodi?

Gogo wa ku Ntcheu (wolemba ndi mdzukulu wawo):
Agogo ndawawerengera zonsezi ndipo aseka kwambiri. Akuti nonsenu mwaphunzira koma simunadyepo m'mbale imodzi ndi ana asanu ndi awiri. Akuti kale ana a m'mudzi ankadyera pamodzi, wa pakhomo ndi wobwera, nsima imodzi, ndiwo m'kambale kamodzi. Wogona manja ankangoona mbale yayera. Ndiye iwo amamva kuti mwana wa mnzako akakula n'kuyamba kubweretsa zake, sakuthamangitsa, malo alipo, koma dzanja utambasule wekha, ndipo ukhale unalitambasulapo kale iye ali wamng'ono. Akuti dzanja lopereka ndi lolandira ndi lomwelo, silisintha. Afunsanso kuti mwana wa ku Manchester yo amadziwa kutema mbamu ya nsima kapena amadya ndi foloko?

Mayi wa ku Manchester:
Zikomo nonse, makamaka agogo. Auzeni kuti amatema ndithu, kungoti amadandaula kutentha. Tinakhala pansi usiku uno, ndipo mwanayo wakana kusankha liwu limodzi. Walemba mwambiwo m'Chichewa momwe ulili, pansi pake n'kufotokoza m'mizere itatu: za kupatsa monga ananenera aphunzitsi, za kuona patali, ndi za mbale ya agogo. Za a ku Ndirande zija ndinamuuza asalembe, koma ndaona waziika m'munsi ndi pensulo. Tsopano wandipanikiza ndi lina: akuti ngati manja amachenjera, nanga "kuuma mutu" ndi "kuuma mtima" ndi "kuuma manja" kuuma kwake n'kumodzi? Aphunzitsi, musagone msanga.